Kafukufuku waulere pa intaneti: luso losiyanitsa njere ndi mankhusu

Nyengo yolemba kafukufuku wa chaka chomaliza ikakwana m'sukulu zaukachenjede, kaya ndi ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Thyolo kapena mumzinda wa Blantyre, ophunzira ambiri amayambira pamalo amodzi. Amatsegula Google Scholar pafoni kapena pakompyuta n'kulembamo mawu awiri atatu okhudza mutu wawo. Wofufuza za malungo m'Malawi amalandira mitu ya nkhani zikwizikwi m'kanthawi kochepa. Zina mwa nkhanizo zimafuna madola kuti zitseguke, pomwe zina zimatseguka pompopompo popanda kulipira ngakhale tambala.

Poti bandulo ndi yodula ndipo tsiku lopereka ntchito silidikira munthu, wophunzira amathamangira zomwe zatseguka. Kutero si kulakwa, chifukwa kafukufuku wambiri wapamwamba masiku ano amapezeka mwaulere. Vuto n'lakuti m'mulu womwewo mulinso zolemba zomwe palibe katswiri adaziunikapo, zina zomwe zidachotsedwa kale kaamba ka zolakwika, ndi zina zopeka kuyambira mutu mpaka kumapeto. Pamaso zonsezi n'zofanana: Chingerezi chozama, mayina a mapulofesa ndi matebulo odzaza manambala. Akale adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wophunzira amene wamanga ntchito yake pa zolemba zotere akhoza kubwezedwa ndi omuyesa, n'kutaya miyezi komanso fizi yomwe makolo adaipeza movutikira. Koma nkhani siithera pa digiri. Namwino, mlangizi wa zaulimi, mphunzitsi kapena wolemba ndondomeko za boma amanyamula zomwe adawerenga kusukulu n'kukazigwiritsa ntchito pa odwala, pa alimi ndi pa ana.

Kale ntchito yosankha zowerenga inali m'manja mwa laibulale, yomwe inkagula magazini ochepa odziwika. Lero chipata n'chotseguka, ndipo lichero lopetera lili m'manja mwa wowerenga mwiniwake. Kuti nkhani ndi yaulere sizitanthauza kuti ndi yachabechabe, ndipo kuti yatuluka m'magazini yotchuka sizitanthauza kuti ndi yoona. Chofunika ndi mafunso ochepa omwe aliyense angathe kufunsa asanataye nthawi ndi bandulo.

Momwe chipata chidatsegukira

Kwa zaka zambiri, zotsatira za kafukufuku zinkasindikizidwa m'magazini apadera, omwe m'Chingerezi amatchedwa journal. Kuti munthu awawerenge, laibulale ya sukulu yake inkayenera kulipira ndalama chaka ndi chaka, ndipo mitengo inali yokwera moti sukulu za m'maiko osauka zinkalephera. Zinkatheka kuti kafukufuku wochitikira m'zipatala kapena m'minda ya m'Malawi awerengedwe mosavuta ku London kusiyana ndi ku Lilongwe.

Intaneti idayamba kusintha zimenezi. M'chaka cha 1991, katswiri wa fizikisi Paul Ginsparg adakhazikitsa arXiv, malo omwe ofufuza amaikapo zolemba zawo kuti aliyense aziwerenge. Mu 2000 boma la America lidatsegula PubMed Central, nkhokwe yaulere ya kafukufuku wa zaumoyo. Mu February 2002 kudatuluka chikalata chotchedwa Budapest Open Access Initiative, chomwe chidafotokoza mfundo yomwe lero imadziwika kuti open access: kuti zotsatira za kafukufuku zizipezeka pa intaneti kwa aliyense, aziwerenge, azikopere ndi kugawirako ena popanda kulipira.

Komabe kusindikiza kumafuna ndalama, ndipo wina amayenera kuzilipira. Magazini ena amalipiritsa wolemba kapena bungwe lomwe lathandiza kafukufukuyo. Mitengo imasiyana kwambiri: magazini ya Nature itayamba njira imeneyi mu 2021 idaika mtengo wa mayuro 9,500 pa nkhani imodzi. Ena salipiritsa wolemba kapena wowerenga chifukwa amathandizidwa ndi yunivesite kapena mabungwe a akatswiri. Njira yachitatu ndi yoti wolemba amasindikiza nkhani m'magazini yolipira, kenaka n'kuika kope lake m'nkhokwe yaulere ya yunivesite yake.

Pomwe amalonda adalowera

Chomwe chimasiyanitsa magazini ya kafukufuku ndi zolemba wamba ndi kuunika kwa akatswiri, komwe kumatchedwa peer review. Mkonzi akalandira nkhani amaitumiza kwa akatswiri awiri kapena atatu a phunziro lomwelo, omwe amaona ngati kafukufukuyo adachitika moyenera ndiponso ngati manambala akugwirizana ndi zomwe wolemba akunena. Akhoza kuikana, kapena kuibweza kuti ikakonzedwe. Ntchitoyi imatenga masabata kapena miyezi.

Njira yolipiritsa wolemba idabweretsa yesero. Ngati ndalama ikuchokera kwa wolemba, kukana nkhani n'kukana ndalama. Anthu ena adaona mwayi wa malonda, n'kutsegula masamba a pa intaneti okhala ndi mayina apamwamba, omwe amasindikiza chilichonse bola wolemba alipire. Mu 2010, Jeffrey Beall, yemwe ankagwira ntchito mulaibulale ya University of Colorado Denver, adawapatsa dzina loti predatory publishers, kutanthauza ofalitsa odyera ena masuku pamutu, ndipo adayamba kulemba mndandanda wawo.

Kukula kwa vutoli kudaonekera mu 2013. Mtolankhani wa zasayansi John Bohannon adalemba nkhani yabodza yonena kuti mankhwala ochokera ku mtundu wina wa ndere amaletsa khansa kukula. Adaikamo dala zolakwika zoti katswiri aliyense akadaziona msanga, ndipo adaisainira ndi mayina opeka omveka ngati a ku Africa, a ofufuza a m'masukulu omwe kulibe. Adaitumiza kumagazini aulere 304. Malinga ndi lipoti lake lomwe lidatuluka m'magazini ya Science, 157 adaivomera ndipo 98 adaikana. Mwa omwe adaivomera mudali magazini ena osindikizidwa ndi makampani akuluakulu, pomwe magazini yaulere ya PLOS ONE idaikana. Ena adadzudzula Bohannon chifukwa sadayese magazini olipira, choncho zotsatira zake sizikusonyeza kuti aulere ndiwo oipa kuposa enawo. Chomwe zidasonyeza n'chakuti magazini ambiri amanena kuti amaunika nkhani pomwe sachita.

Mu 2017, ofufuza a ku Poland adalengeza m'magazini ya Nature zotsatira za msampha wina. Adapeka munthu dzina lake Anna O. Szust, dzina lochokera ku liwu la Chipolishi lotanthauza kathyali, n'kumupemphera udindo wa ukonzi kumagazini 360. Ngakhale munthuyo adalibe mbiri yomuyenereza, magazini 48 adamulandira, ndipo ena adamupatsa udindo wa mkonzi wamkulu.

Nkhani zina zidafika kukhoti. Mu 2019, khoti lina ku America lidalamula kampani ya OMICS ya ku India kulipira $50.1 miliyoni pamlandu womwe bungwe loteteza ogula la Federal Trade Commission lidaisumira, wokhudza kunamiza olemba pa za kuunika nkhani komanso kubisa mitengo.

Funso loyamba: nkhaniyi yatuluka kuti?

Asanawerenge chiganizo chilichonse, wophunzira ayenera kuona dzina la magazini n'kulifufuza pamindandanda yodalirika. Waukulu mwa yonse ndi Directory of Open Access Journals, mwachidule DOAJ, womwe udayambira ku Lund University m'dziko la Sweden mu 2003 ndi magazini pafupifupi 300, ndipo lero uli ndi oposa 20,000. Msampha wa Bohannon utakola ena mwa magazini ake, DOAJ idakhwimitsa malamulo mu 2014, ndipo mu 2016 idachotsa magazini pafupifupi 3,300 omwe sadalembetsenso motsatira malamulo atsopanowo. Kufufuza pa DOAJ n'kwaulere ndipo kumatenga mphindi imodzi.

Pa zaumoyo, magazini yomwe ili pamndandanda wa MEDLINE idadutsa m'manja mwa komiti yosankha ya National Library of Medicine ya ku America. Mindandanda ya Scopus ndi Web of Science nayonso imasankha magazini olowamo. Pa kafukufuku wa mu Africa pali African Journals Online, mwachidule AJOL, yomwe idayamba mu 1998 ndipo likulu lake lili ku South Africa. Ili ndi magazini oposa 500, ambiri mwa iwo aulere. Malawi Medical Journal, yomwe imatuluka ku Blantyre, imapezeka mwaulere pa AJOL komanso pa PubMed.

Mndandanda wa Beall udatsekedwa mu January 2017. Makope ake akadalipo pa intaneti, koma si odalirika paokha, chifukwa magazini achinyengo amabadwa tsiku ndi tsiku ndipo amasintha mayina. Mndandandawo udadzudzulidwanso kuti unkakayikira msanga ofalitsa a m'maiko osauka. Mfundo imeneyi n'njofunika kwa Amalawi: magazini ya yunivesite ya mu Africa ikhoza kukhala ndi tsamba losaoneka bwino ndiponso kutuluka mochedwa chifukwa chosowa ndalama, koma n'kukhala ndi akonzi enieni ogwira ntchito mokhulupirika. Kusauka si chinyengo.

Zizindikiro za chinyengo n'zina. Magazini yolonjeza kusindikiza nkhani m'masiku atatu kapena sabata imodzi ndi yokayikitsa. Nkhani zambiri zimasonyeza tsiku lomwe zidalandiridwa ndi tsiku lomwe zidavomerezedwa, ndipo ngati masikuwa atalikirana ndi masiku awiri okha, palibe katswiri adakhala nayo pansi. Magazini yosindikiza zaulimi, zamalamulo, zachipembedzo ndi zauinjiniya m'kope limodzi, pansi pa mkonzi mmodzi, ikufuna ndalama basi. Yomwe imatumiza maimelo oyamikira mopitirira muyeso kwa anthu osawadziwa, kupempha nkhani mwachangu, n'chimodzimodzi. Mayina a akonzi nawonso ayenera kufufuzidwa: kodi pulofesa wotchulidwayo alipodi pa yunivesite yomwe yalembedwa, ndipo kodi patsamba lake amatchula magaziniyo?

Ena amadzitama ndi nambala yotchedwa impact factor, yomwe imasonyeza kuchuluka kwa momwe nkhani za magaziniyo zimatchulidwira ndi ofufuza ena. Nambala yovomerezeka imachokera ku kampani ya Clarivate yokha, koma pali masamba ogulitsa manambala onamizira okhala ndi mayina ofananako. Alipo ngakhale akuba omwe amatsanzira dzina ndi maonekedwe a magazini yeniyeni n'kutsegula tsamba lawo. N'chifukwa chake n'kwanzeru kulowa patsamba la magazini podutsira pa DOAJ kapena AJOL, osati pa linki yobwera pa imelo kapena pa WhatsApp. Mndandanda wa mafunso wotchedwa Think. Check. Submit., womwe udakhazikitsidwa mu 2015 kuti uthandize olemba kusankha kotumiza nkhani zawo, umathandizanso owerenga.

Google Scholar payokha sipeta. Imasonkhanitsa chilichonse chooneka ngati kafukufuku, chabwino ndi choipa chomwe. Kupezeka kwa nkhani pamenepo si umboni wa chilichonse.

Funso lachiwiri: kodi nkhaniyi ikadali chilili?

Magazini yabwino nayonso imalakwitsa. Mu 1998, The Lancet, imodzi mwa magazini akale ndi olemekezeka pa zamankhwala, idasindikiza nkhani ya Andrew Wakefield yomwe idachititsa anthu kuganiza kuti katemera wa chikuku wa MMR amayambitsa autism. Kafukufukuyo adachitika pa ana 12 okha. Magaziniyo idachotsa nkhaniyo mu 2010, ndipo chaka chomwecho Wakefield adalandidwa chiphaso cha udokotala ku Britain. Kafukufuku wa ana oposa 650,000 ku Denmark, yemwe adatuluka mu 2019, sadapeze mgwirizano uliwonse pakati pa katemerayo ndi autism. Koma mantha omwe nkhani yoyambayo idafesa akadalipo mpaka lero.

Mu May 2020, The Lancet idasindikizanso nkhani yonena za odwala Covid-19 pafupifupi 96,000 a m'zipatala 671, yomwe idati mankhwala a hydroxychloroquine akuonjezera imfa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidaimitsa kaye gawo la kafukufuku wake wa mankhwalawo. Akatswiri ena atafunsa za komwe manambalawo adachokera, kuphatikizapo omwe ankati ndi a m'zipatala za mu Africa, kampani ya Surgisphere yomwe idawapereka idakana kuwaonetsa kwa ounika oima paokha. Nkhaniyo idachotsedwa pasanathe milungu iwiri. Kafukufuku wina wodalirika adadzapeza kuti mankhwalawo sathandiza odwala Covid-19, koma izi zidachokera ku umboni weniweni, osati ku manambala osadziwika gwero lake.

Kuchotsa nkhani kotereku kumatchedwa retraction, ndipo kukuchulukirachulukira. Magazini ya Nature idawerengera kuti m'chaka cha 2023 chokha nkhani zoposa 10,000 zidachotsedwa, zambiri mwa izo za kampani ya Hindawi, yomwe inkafalitsa magazini aulere ndipo idagulidwa ndi Wiley mu 2021. Vuto kwa wophunzira n'lakuti kope lomwe mnzake adamutumizira pafoni, kapena lomwe adalisunga chaka chatha, silisonyeza kuti nkhaniyo idachotsedwa.

Njira yodzitetezera ndi yophweka. Nkhani zambiri zili ndi nambala yotchedwa DOI, yomwe imayamba ndi 10. Munthu akailemba patsamba la doi.org amafika pa tsamba lenileni la nkhaniyo, pomwe chidziwitso choti yachotsedwa kapena yakonzedwa chimaikidwa. Palinso nkhokwe ya Retraction Watch, tsamba lomwe atolankhani Ivan Oransky ndi Adam Marcus adayambitsa mu 2010. Kuyambira mu 2023 nkhokweyi ili m'manja mwa bungwe la Crossref ndipo ndi yotseguka kwa aliyense.

Gulu lina lofunika kusamala nalo ndi la zolemba zotchedwa preprint, zomwe ofufuza amaziika poyera akatswiri asanaziunike, pamalo monga arXiv, bioRxiv, medRxiv ndi Research Square. Zolembazi si zachinyengo, ndipo zimathandiza kuti zotsatira zifalikire msanga, koma zikadali zosapsa. Preprint ina ya ku Egypt, yomwe idatuluka mu November 2020 n'kunena kuti ivermectin amachepetsa kwambiri imfa za Covid-19, idachotsedwa mu July 2021 anthu ena atapeza zokayikitsa m'manambala ake. Pofika nthawiyo n'kuti itatchulidwa kale m'zolemba zambiri. Wophunzira wogwiritsa ntchito preprint ayenera kunena poyera kuti ndi preprint, ndiponso kufufuza ngati idadzasindikizidwa pambuyo pake, chifukwa zotsatira zimatha kusintha ikaunikidwa.

Funso lachitatu: kodi umboni ukukwanira?

Nkhani ikadutsa mafunso awiri oyambawo, yatsala ntchito yaikulu: kuona ngati zomwe olemba adachita zikukwana kuchirikiza zomwe akunena. Ophunzira ambiri amawerenga chidule cha kumayambiriro ndi mawu omaliza, n'kudumpha gawo lofotokoza njira zomwe kafukufukuyo adatsata. Chonsecho gawo limeneli ndilo msana wa nkhani yonse.

Chitsanzo chabwino chili pafupi. Mu 2021, magazini ya New England Journal of Medicine idasindikiza zotsatira za kafukufuku wa katemera wa tayifodi yemwe adachitikira ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mumzinda wa Blantyre, ndipo nkhaniyo imapezeka mwaulere pa PubMed Central. Ana oposa 28,000 a miyezi 9 mpaka zaka 12 adatenga nawo mbali. Adagawidwa m'magulu awiri mwa maere: ena adalandira katemera wa tayifodi, ena katemera wa matenda oumitsa khosi. Makolo ndi madokotala owatsatira anawo sankadziwa yemwe walandira uti. Mwana ankawerengedwa kuti wadwala tayifodi pokhapokha magazi ake atayezedwa mulabotale. Zotsatira zidasonyeza kuti katemerayo adachepetsa matendawa ndi pafupifupi 80 peresenti, ndipo mu 2023 dziko la Malawi lidayamba kumupereka kwa ana m'dziko lonse.

Chilichonse mwa zimenezi chikuyankha funso lomwe wowerenga ayenera kufunsa nkhani ina iliyonse. Kodi adafufuza anthu angati, ndipo adawasankha bwanji? Kodi padali gulu lina lofananitsira? Kodi chomwe ankayeza adachiyeza ndi chiyani? Ana 12 a Wakefield, opanda gulu lofananitsira, sangaikidwe pamuyeso umodzi ndi ana 28,000 ogawidwa mwa maere.

Izi sizikutanthauza kuti kafukufuku wa anthu ochepa ndi wopanda ntchito. Wofufuza amene wacheza mozama ndi amayi 20 za chomwe chimawalepheretsa kupita kusikelo akhoza kuvumbula zifukwa zomwe manambala sangazione. Cholakwika chimabwera pomwe wolemba watenga mawu a amayi 20 a m'mudzi umodzi n'kulankhula ngati wafunsa dziko lonse. Chimodzimodzinso, kupeza kuti zinthu ziwiri zimachitikira limodzi si umboni woti chimodzi chimayambitsa chinzake. Ngati ana a m'mabanja okhala ndi magetsi amakhoza bwino mayeso, mwina chifukwa chake ndi magetsiwo, koma mwinanso n'chakuti mabanja oterowo ali ndi ndalama zogulira mabuku ndi chakudya chokwanira. Nkhani yabwino imakambirana zimenezi mosabisa, ndipo imakhala ndi gawo lovomereza zofooka zake.

Kumapeto kwa nkhani kumalembedwa yemwe adapereka ndalama za kafukufuku, ndiponso ngati olemba ali ndi phindu lililonse pa zotsatira zake. Kafukufuku woyamikira mbewu kapena mankhwala, wolipiridwa ndi kampani yogulitsa zomwezo, sangatayidwe pachifukwa chimenecho chokha, koma ayenera kuwerengedwa ndi maso awiri. Kafukufuku wokhudza anthu ayeneranso kusonyeza komiti yomwe idamuvomereza. M'Malawi muno ena mwa makomiti otere ndi National Health Sciences Research Committee ndi COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences. Kafukufuku woyesa mankhwala kapena katemera amakhalanso ndi nambala yolembetsera, monga ya ClinicalTrials.gov kapena ya Pan African Clinical Trials Registry, yomwe imathandiza kuona ngati olemba adayezadi zomwe adalonjeza poyamba.

Funso lachinayi: kodi ikuyankha funso la wowerenga?

Nkhani ikhoza kukhala yoona ndi yapamwamba koma yosathandiza pa ntchito yomwe ilipo. Zotsatira za feteleza pa minda ikuluikulu yothirira ku America sizingasamutsidwe momwe zilili n'kukaikidwa pa munda wa theka la ekala ku Dedza, wodalira mvula ndi khasu. Wophunzira amene sadalembe funso lake momveka bwino asanayambe kufufuza amasonkhanitsa nkhani makumi asanu, n'kulephera kuwerenga ngakhale zisanu.

Poyambira pabwino ndi nkhani zomwe zimasonkhanitsa kafukufuku yense wa pamutu umodzi n'kumuunika mwa dongosolo, zotchedwa systematic review. Pa zaumoyo, bungwe la Cochrane, lomwe lidayamba mu 1993, limadziwika ndi ntchito imeneyi. Nkhani yotere imasonyeza zomwe akatswiri agwirizana, zomwe akutsutsana ndi zomwe sizidafufuzidwebe, ndipo mndandanda wa zolemba zomwe yatchula umalozera wowerenga komwe angapite. Batani la Cited by pa Google Scholar limaonetsa zolemba zatsopano zomwe zatchula nkhani ina. Kuchuluka kwa otchula si umboni wa ubwino, chifukwa ena amatchula nkhani pofuna kuitsutsa, koma kuwerengako pang'ono kumathandiza kudziwa momwe akatswiri anzawo adailandirira.

Pa kagwiritsidwe ntchito ka nthawi, katswiri wa zamakompyuta Srinivasan Keshav adalemba malangizo mu 2007 omwe amagwiritsidwa ntchito m'mayunivesite ambiri. Adati nkhani iwerengedwe maulendo atatu. Ulendo woyamba, wa mphindi 5 mpaka 10, ndi woona mutu, chidule, mawu oyamba, timitu ndi mawu omaliza, kuti munthu adziwe ngati n'koyenera kupitiriza. Wachiwiri, wofika ola limodzi, ndi wowerenga mosamala pamodzi ndi matebulo ndi zithunzi. Wachitatu, wotenga maola angapo, ndi wa nkhani zochepa zomwe ntchito yonse yatsamirapo. Nkhani zambiri zimathera pa ulendo woyamba, ndipo palibe cholakwika pamenepo.

Msampha watsopano

Mapulogalamu monga ChatGPT abweretsa vuto lina. Akafunsidwa kuti atchule kafukufuku wa pamutu wina, nthawi zina amapeka mitu, mayina a olemba ndi zaka zomveka ngati zenizeni. Mu June 2023, woweruza wina ku New York adalipitsa maloya awiri ndi kampani yawo chindapusa cha $5,000 atapereka kukhoti milandu isanu ndi umodzi yopekedwa ndi pulogalamuyi ngati zitsanzo za zigamulo zakale. Wophunzira amene waika m'ntchito yake nkhani yomwe sadaitsegulepo ali pangozi yomweyo. Lamulo lake n'losavuta: chomwe munthu sadachione ndi maso ake patsamba la magazini sayenera kuchitchula.

Thandizo lili pafupi

Kudalira zaulere zokha kuli ndi vuto lake. Nkhani yofunika kwambiri pamutu wina ikhoza kukhala ya m'magazini yolipira, ndipo kuisiya chifukwa siidatseguke n'kusiya dzenje m'ntchito. Pali njira zovomerezeka zoipezera. Malawi ali m'gulu la maiko omwe sukulu, zipatala ndi mabungwe a boma amalandira mwaulere mwayi wa Research4Life, mgwirizano wa nthambi za United Nations ndi ofalitsa mabuku. Mkati mwake muli Hinari ya zaumoyo yomwe idayamba mu 2002, AGORA ya zaulimi ya mu 2003, OARE ya zachilengedwe ya mu 2006, ARDI ya zaluso ya mu 2009 ndi GOALI ya zamalamulo ya mu 2018. Malaibulale a m'dziko muno alinso ndi mgwirizano wawo wa Malawi Library and Information Consortium, womwe umawathandiza kupeza magazini a pa intaneti mogwirizana. Kapulogalamu kaulere ka Unpaywall kamafufuza ngati nkhani yolipira ili ndi kope lovomerezeka laulere kwinakwake. Zonse zikakanika, imelo yaulemu kwa wolemba nkhaniyo kawirikawiri imabweretsa kope, chifukwa ofufuza amakondwa ntchito yawo ikamawerengedwa.

Munthu wodziwa njira zonsezi amapezeka pasukulu iliyonse yaukachenjede, ngakhale ophunzira ambiri amamudutsa pofuna malo okhala ndi pochajira foni. Woyang'anira laibulale adaphunzira ntchito yofufuza ndi kusankha zowerenga, ndipo ndiye amasunga makiyi olowera mu Research4Life. Mphunzitsi woyang'anira kafukufuku nayenso amadziwa magazini omwe akatswiri a phunziro lake amawalemekeza. Safunsa adadya phula.

Kufufuza dzina la magazini pa DOAJ, kutsegula DOI, kuona masiku olandirira ndi kuvomereza nkhani, ndi kuwerenga gawo la njira, zonsezi sizitenga nthawi yaitali poyerekeza ndi miyezi yomwe imatayika ntchito ikabwezedwa. Wophunzira amene wazolowera kuchita zimenezi amafika pamaso pa omuyesa ndi nkhani zochepa zomwe angathe kuziikira kumbuyo iliyonse payokha, ndipo chizolowezi chomwecho ndicho adzapite nacho kuchipatala, kumunda kapena kuofesi komwe akagwire ntchito.